KATEMERA NDI MPANDA WA PAKHOMO: KUYAMBIRA KUKHOLA MPAKA KUSIKELO

Alimi anzanga, palibe mlimi amene amadikira kuti mbuzi zilowe kaye m'dimba ndiye ayambe kudula mitengo ya mpanda. Mpanda timamanga mbewu zisanamere, chifukwa mbuzi zikalowa, chotsala ndi milandu kwa a mfumu. Sabata ino tiyeni tikambirane za mpanda wina umene ambiri timaunyozera. Mpanda umenewu ndi katemera, wa ziweto ndi wa anthu yemwe.

Ena mufunsa kuti nkhani ya kuchipatala ikufunanji pa tsamba la alimi. Taganizani izi. Mwana akadwala chikuku mwezi wa Januwale, mayi ake amagonera kuchipatala sabata yathunthu pamene udzu ukupikisana ndi chimanga kumunda. Nkhuku zimene munati mugulitse kuti mupeze feteleza wobereketsa zikatha ndi chitopa, chimanga chija chimangochita chikasu inu mukuona. Ulimi umayenda ngati anthu ndi ziweto pakhomo ali bwino.

KATEMERA ANAYAMBIRA KUKHOLA

Ambiri sadziwa kuti nzeru ya katemera inachokera kwa alimi a ng'ombe. Kale ku England anthu okama mkaka ankatenga tizilonda m'manja kuchokera ku mawere a ng'ombe zodwala nthomba ya ng'ombe. Anthu akumudzi anaona kuti okama mkakawa sankadwala nthomba yeniyeni ija yopha anthu. M'chaka cha 1774 mlimi wina dzina lake Benjamin Jesty anatemera mkazi wake ndi ana ake awiri mafinya a nthomba ya ng'ombe, ndipo mliri unawadutsa. M'chaka cha 1796 dokotala Edward Jenner anayesa njira yomweyi pa mnyamata wa zaka 8, nalemba zotsatira zake kuti dziko lonse lidziwe. Ngakhale liwu lachingerezi lotanthauza katemera linachokera ku liwu lachilatini lotanthauza ng'ombe. Lathu lija linachokera ku kutemera, monga timatemerera mphini, chifukwa katemera wa nthomba ankaperekedwa pokanda khungu la pamkono.

Nthomba ili kuti lero? Munthu womaliza kuitenga m'njira yachilengedwe anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti nthomba yatheratu. Funsani agogo anu akuonetseni chipsera pamkono, akuuzaninso za anzawo amene nthomba inawasiya akhungu kapena a nkhope ya maenjemaenje.

Ku ziweto nakonso kuli umboni. Mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest unalowa mu Africa cha m'ma 1887, ndipo cha m'ma 1892 unali utafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi. M'madera ambiri unapha ng'ombe 9 mwa ng'ombe 10 zilizonse. Katemera wake wodalirika anamupanga Walter Plowright ku Muguga m'dziko la Kenya, ndipo mu 2011 mliriwu unalengezedwa kuti watha padziko lonse. Matenda awiri okhawa ndi amene anthu awathetseratu, amodzi a anthu, ena a ng'ombe, ndipo onse anagonja ndi katemera.

MMENE KATEMERA AMAGWIRIRA NTCHITO

M'thupi la munthu, la nkhuku kapena la galu muli asilikali olimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Vuto ndi lakuti kachilombo kachilendo kakalowa, asilikaliwa amatenga masiku kuti akazindikire, ndipo m'masiku amenewo kachilombo kamakhala kataswana kale. Katemera ndi kachilombo kofooketsedwa, kophedwa, kapena kachidutswa chabe ka kachilomboko. Kuli ngati kuonetsa alonda a pamudzi nkhope ya mbava isanabwere. Tsiku limene mbavayo idzafike, alonda sadzafunsanso kuti ndiwe yani.

Pa mfundo imeneyi pakutuluka malamulo atatu amene ndikupemphani musunge.

Loyamba, katemera sachiza matenda, amateteza. Thupi limafuna pafupifupi sabata ziwiri kuti chitetezo chikhwime. Kutemera nkhuku zitayamba kale kuodzera ndi kumanga mpanda mbuzi zili m'dimba.

Lachiwiri, katemera wambiri amafuna kubwereza. Munthu wobayitsa kamodzi pamene pafunika katatu ali ngati wothira feteleza wokulitsa yekha osathira wobereketsa.

Lachitatu, katemera amalimba pamene ambiri alandira. Kachilombo kakasowa kolowera, mliri umazima wokha, ndipo ngakhale khanda limene silinafike msinkhu wolandira limatetezeka. Mutu umodzi susenza denga.

NKHUKU NDI CHITOPA

Chitopa, chimene ena amati chideru, tonse timachidziwa. Nkhuku imaodzera, mapiko amagwa ngati yavala jekete, chitosi chimabiriwira, imapuma movutika, ndipo ina imapotoka khosi. Chikalowa m'mudzi wosatemera chimatha kusesa makola onse m'sabata ziwiri, makamaka nyengo yotentha kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Chitopa chilibe mankhwala. Tsabola, mwaye kapena makapisozi othira m'madzi akumwa saphetsa kachilombo kake. Nkhuku imene yachira imakhala yapulumuka yokha.

Katemera woyenera nkhuku zakumudzi ndi wotchedwa I-2. Anamupeza akatswiri a pa yunivesite ya Queensland ku Australia, ndipo kuno kwathu amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory mu mzinda wa Lilongwe. Ubwino wake ndi wakuti amapirira kutentha kuposa katemera wina, choncho amatha kufika kumudzi kopanda magetsi. Kaperekedwe kake nkosavuta: dontho limodzi m'diso limodzi la nkhuku, kaya ndi kamwanapiye ka dzulo, kaya ndi tambala wamkulu. Dikirani nkhuku iphethire kuti dontho lilowe musanaitaye. Nyama ndi mazira mutha kudya tsiku lomwelo.

Chitetezo chake chimakhala miyezi inayi, choncho temerani katatu pachaka. Ine ndimalangiza Malichi, Julayi ndi Novembala. Wa Julayi ndiye musamuphonye chifukwa ndi amene amakumana ndi nyengo ya mliri. Gwirizanani mudzi wonse tsiku limodzi, ndipo madzulo a dzulo lake tsekerani nkhuku zonse, ngakhale zija zogona mu mtengo. Temerani m'mawa, pamthunzi. Kabotolo kasungidwe mufiriji koma kasaume ngati ayezi. Poyenda nako kakulungeni m'kansalu konyowa ndi kukaika m'dengu loti mphepo izipita. Kakatsegulidwa kasapitirire masiku awiri kapena atatu. Musagule katemera woyalidwa pa benchi padzuwa pamsika, chifukwa mugula madzi chabe.

Mtengo wa dontho limodzi sufika pa mtengo wa dzira limodzi. Amene amati katemera ndi wodula awerenge nkhuku zimene anakwirira chaka chatha.

Chinanso, mliri ukayamba ambiri timathamangira kukagulitsa nkhuku ku msika zisanafe. Mchitidwe umenewu ndi umene umasamutsa chitopa kuchoka mudzi wina kupita mudzi wina. Nkhuku yogula kapena yopatsidwa ikhale payokha sabata ziwiri isanasakanikirane ndi zinzake. Nthenga ndi matumbo a nkhuku yodwala zikwiriridwe mozama kapena zitenthedwe.

GALU NDI CHIWEWE

Apa mpamene katemera wa chiweto amapulumutsa munthu mwachindunji. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa anthu 10 aliwonse ndi ana osafika zaka 15. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa galu. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, palibenso chipatala chimene chingamuchize.

Komatu katemera wa chiwewe alipo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akabayidwa, chiwewe chimasowa poyenda. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies mogwirizana ndi a zaziweto linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'sabata zowerengeka, kusonyeza kuti ntchitoyi ndi yotheka kuno kwathu. Galu wanu abayidwe akafika miyezi itatu, kenaka chaka ndi chaka, ndipo chiphaso chake musunge. Mphaka nayenso abayidwe.

Galu akaluma munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pa chiwewe katemera amagwirabe ntchito munthu atalumidwa kale, chifukwa kachilombo kake kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo, ndipo katemera amakapitirira panjira. Koma muyenera kufulumira ndi kumaliza majakisoni onse. Galu wolumayo amangidwe kwa masiku 10 kuti a zaziweto amuone, koma musadikire masikuwo kuti muyambe katemera. Uzani ana kuti asabise akalumidwa kapena kukandidwa poopa kukwapulidwa.

Dziwaninso kuti ng'ombe ndi mbuzi zimadwala chiwewe. Ng'ombe ikamachucha dovu ndi kulephera kumeza, musapise dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti yatsamwa chitsononkho. Itanani mlangizi wa ziweto.

NG'OMBE NDI NKHUMBA

Alimi a ng'ombe, makamaka za mkaka, amadziwa matenda a East Coast Fever amene amafala ndi nkhupakupa zokonda kuluma m'makutu. Ng'ombe imatupa mwanabere pansi pa khutu, imatentha thupi, imapuma movutika ndi kufa. Katemera wake amapangidwa ku Lilongwe konkuno, pa malo a kafukufuku wa nkhupakupa a CTTBD. Thole limabayidwa tizilombo tamoyo pamodzi ndi mankhwala otifooketsa, ndipo kubaya kamodzi kumateteza moyo wake wonse. Ntchito imeneyi ndi ya mlangizi wophunzitsidwa, si yoyesera nokha. Komanso musasiye kusambitsa ng'ombe ku dibi, chifukwa nkhupakupa zimanyamula matenda enanso.

Ku chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi amabuka kawirikawiri kaamba ka njati za kunkhalango ya Lengwe zimene zimasunga kachilombo kake. A boma akalengeza tsiku la katemera, tengani ng'ombe zonse, osabisako zina. Akatseka misika ya ziweto, mverani.

Chigodola cha nkhumba ndi nkhani ina. Palibe katemera wake amene mungagule kuno kwathu, ndipo wina akakugulitsani botolo ponena kuti ndi katemera wa chigodola, wakuberani. Chitetezo ndi khola lolimba, kusalola alendo ndi mavenda kulowa m'khola, ndi kusabweretsa pakhomo nyama ya nkhumba yosadziwika kochokera.

MWANA KUYAMBIRA TSIKU LOBADWA

Tsopano tilowe m'nyumba. Katemera wa ana m'zipatala za boma ndi waulere, ndipo alangizi a zaumoyo amafika naye mpaka kumasikelo a m'midzi.

Mwana akangobadwa amalandira BCG, amene amamuteteza ku chifuwa chachikulu choopsa cha ana, ndi madontho a poliyo. Akakwana sabata 6, 10 ndi 14 amalandira jakisoni mmodzi woteteza matenda asanu: chifuwa chokoka mtima, kafumbata, matenda otseka pakhosi, matenda a chiwindi a hepatitis B, ndi kachilombo kena koyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Nthawi yomweyo amalandira katemera wina wa chibayo, amene anayamba kuno mu 2011, madontho oteteza kutsegula m'mimba kwa rotavirus, amene anayamba mu 2012, ndi katemera wa poliyo. Pa miyezi 9 amalandira wa chikuku ndi rubela, komanso wa taifodi amene anayamba mu 2023. Pa miyezi 15 amalandira wachiwiri wa chikuku.

M'maulendo anga m'makalabu a alimi ndimakonda kupempha amayi kuti andionetse mabuku a kusikelo. Masamba oyamba amakhala odzaza bwino. Mpata umaoneka pa katemera wa miyezi 15. Mwana akayamba kuyenda amalemera kubereka, mayi amakhala ali ndi pakati pena, kumunda ntchito yachuluka, ndipo sikelo imaiwalika. Komatu chikuku chimafala kuposa matenda ena onse a ana, ndipo kuti chisabuke pamafunika ana 95 mwa 100 aliwonse akhale atalandira kawiri. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 300. Mwana wopulumuka amatha kutsala wakhungu, wogontha kapena wonyentchera.

Poliyo nayenso anatikumbutsa kuti sagona. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, koyamba chichokere 1992. Atapima anapeza kuti kachilomboko kanali ka mtundu wa ku Pakistan. Matenda safuna pasipoti. Ndi chifukwa chake alangizi ankayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana kangapo konse, ngakhale ana amene analandira kale.

Pa 23 Epulo 2019, ku Mitundu m'boma la Lilongwe, Malawi linakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kudzera kusikelo, ndipo Ghana ndi Kenya anatsatira. Ntchitoyi inayamba m'maboma 11. Mwana amalandira kanayi, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. M'madera amene anayamba kulandira m'maiko atatuwa, imfa za ana a msinkhu umenewu zinatsika ndi 13 pa 100 aliwonse. Katemerayu amachepetsa malungo koma sawathetsa, choncho mwana azigonabe m'neti. Neti si yotchingira nazale ya matimati kapena yokokera usipa.

Abambo anzanga, sikelo si ya amayi okha. Njinga imene imanyamula matumba a feteleza itha kunyamulanso mwana. Inu amene mumapita ku maesiteti a fodya kapena kukagwira maganyu kutali ndi banja lonse, tengani buku la mwana. Chipatala chilichonse chidzapitiriza pomwe analekezera. Mwana amene waphonya tsiku sayambiranso poyamba, amangopitiriza.

ATSIKANA NDI AMAYI

Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'Malawi muno, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene vutoli ndi lalikulu kwambiri. Imayamba ndi kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana ndipo kamakhala zaka zambiri mwakachetechete. Katemera wake anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Amaperekedwa mwana akadali wamng'ono kuti chitetezo chifike kachilombo kasanafike. Ndi lamulo loyamba lija. Amayi akuluakulu amene katemerayu anawapitirira azipita kukapimitsa khomo la chiberekero.

Mayi woyembekezera amalandira katemera wa kafumbata, amene amateteza iye ndi khanda lomwe. Kuti chitetezo chikhale cha zaka zonse zobereka pamafunika kulandira kasanu: wachiwiri patapita mwezi umodzi, wachitatu patapita miyezi 6, wachinayi patapita chaka, ndi wachisanu patapitanso chaka china. Pamchombo wa khanda pasapakidwe ndowe, dothi kapena phulusa.

KAFUMBATA NDI MATENDA A MLIMI

Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo timakhala zaka zambiri tili moyo. Timalowa pa bala la khasu, la chikwanje, la msomali, la minga kapena la chitsa cha nandolo. Bala laling'ono koma lakuya ndi limene limaopsa. Pakapita masiku angapo nsagwada zimauma, khosi ndi msana zimalimba, ndipo munthu amakokeka thupi lonse. Ambiri sapulumuka.

Kafumbata sapatsirana, choncho katemera wa mnzanu sakutetezani inu. Amayi ambiri ndi otetezedwa kaamba ka sikelo ya apakati, koma bambo wa zaka 40 amene analandira komaliza ali khanda, chitetezo chake chinachepa kalekale. Ndipo ndi iyeyo amene amaponda manyowa opanda nsapato. Mukavulala ku munda kapena m'khola, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyera, musathirepo dothi, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse za katemera wa kafumbata.

AGOGO NAWONSO

Munthu akamakalamba asilikali a m'thupi amafooka. Tinaona pa mliri wa Covid-19 kuti amene ankafa kwambiri anali achikulire ndi odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo katemera atafika mu Malichi 2021 iwowa anali m'gulu loyamba kulandira. Kolera ya 2022 ndi 2023 inagwira anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700, ana ndi akulu omwe. Katemera wa kolera ndi wakumwa, ndipo amaperekedwa kwa aliyense kuyambira wa chaka chimodzi. Akafika m'dera lanu, musasiye agogo m'nyumba. Koma chimbudzi, madzi othira kolorini ndi kusamba m'manja zisalekeke.

ZONENA ZA ANTHU

Ena amati mwana amadwala akalandira katemera. Nzoona kuti thupi limatentha pang'ono ndipo pobayidwa pamatupa tsiku limodzi kapena awiri. Amenewo ndi asilikali aja akuphunzira. Muyamwitseni pafupipafupi. Kutentha kukapitirira masiku awiri, kapena mwana akakomoka, thamangirani kuchipatala.

Ena amati katemera amatseka kubereka. Taonani m'mudzi mwanu momwemo. Amayi amene ali ndi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi lero ndi omwe aja analandira katemera ali makanda ndiponso ali ndi pakati.

Ena amati anatemera nkhuku ndipo zinafa. Ndikafunsitsa, kawirikawiri ndimapeza kuti anatemera atamva kuti kwa aneba zayamba kufa, ndiye kuti zinali zitatenga kale, kapena kabotolo kanakhala padzuwa. Komanso katemera wa chitopa amateteza chitopa chokha. Sateteza nthomba ya nkhuku, njoka zam'mimba, utitiri kapena mphamba.

ZOCHITA SABATA INO

Tulutsani mabuku a kusikelo a ana onse osafika zaka zisanu ndipo muone ngati pali mpata. Ngati simukumvetsa zolembedwamo, funsani mlangizi wa zaumoyo. Safunsa anadya phula. Funsani mwana wanu wamkazi wa zaka 9 kapena kuposerapo ngati analandira wa HPV. Onani chiphaso cha galu. Pa msonkhano wa kalabu sankhani tsiku lotemera nkhuku ndi munthu wokagula katemera, ndipo a mfumu alengeze kuti khomo lililonse litengepo mbali. Lembani masikuwa pa kalendala yomwe mumalembapo za kufesa nazale ndi kuthira feteleza.

Madzi akatayika saoleka. Mangani mpanda mbuzi zikadali kutali.